Bambo wa Chipewa Chofiira m'Gemu

A Alufeo ndi mlimi wa kachewere ku Bembeke. Kuyambira ali mnyamata akhala akukankha njinga yodzaza matumba kupita nayo ku Dedza Boma, ndipo anthu amawadziwira chipewa chofiira ndi kayendedwe kowerama.

Mu 2019 kampani ya Mphepozinayi, yomwe inkangogulitsa magemu a pafoni ochokera kunja, inatsegula nthambi yoti izipanga akeake. Munali anthu atatu okha, m'kachipinda kuseri kwa sitolo ina pa Boma, ndipo mkulu wawo anali mayi wina dzina lake Farida. Gemu yawo yoyamba inali ya munthu wosochera m'mapiri a nkhungu. Pofuna munthu wodutsa m'njira m'gemumo, anapempha a Alufeo kuti awajambule akukankha njinga. Iwo anaseka n'kuvomera.

Gemuyo inayenda malonda. Patapita chaka, osewera anayamba kufunsa chifukwa chimene bambo wa chipewa chofiira akutsimphinira. Farida anafufuza m'kompyuta, osapeza chimene chasintha. Anzake awiri aja analumbira kuti sanakhudzepo. Mwezi womwewo a Alufeo anagwa pamtsetse, njinga n'kuwaphwanya bondo lakumanzere, mwendo womwewo umene wa m'gemu ankakoka.

Farida anangosunga mumtima. Koma tsiku lina m'mawa atatsegula gemu, anapeza bambo uja wagoneka njinga, wakhala patsinde pa mtengo wa paini, atafulatira. Anakwera kabaza mpaka ku Bembeke, n'kuwapeza a Alufeo kumunda.

"Bambo, taonani izi."

Iwo anayang'anitsitsa foniyo. "Mtengo uwu ndikuudziwa. Uli panjira ya kumanda kwathu. Munaujambula liti?"

"Sitinafikekotu kumeneko."

"Nanga akupuma?"

"Kaya, bambo. Sakutembenuka."

Anzake a Farida atamva zimenezi anasiya ntchito mmodzimmodzi. Kampani inatseka nthambiyo, makompyuta n'kupita ku Lilongwe, gemu n'kuchotsedwa. Farida anabweranso kudzatsanzika.

"Ndiye mnzanga uja mwamusiya bwanji?" anafunsa a Alufeo.

"Tazimitsa zonse."

"Ali chikhalire?"

Farida anangotsanzika n'kumapita.

A Alufeo alipo mpaka lero, akulimabe. Kukagwa maliro amazungulira kudzera njira ya kudambo kuti asadutse pamtengo uja, ngakhale n'kutali ndipo mwendo umavuta. Pamsika akapatsidwa mpando amathokoza, koma amagulitsa ali chiimire mpaka thumba lomaliza.