Manyowa a Bambo Hedley

Mu Ashington monse munalibe wolima anyezi ngati a Alwyn Hedley. Anyezi wawo ankakula ngati mutu wa khanda, ndipo chaka ndi chaka chikho cha pachionetsero chinkagona kwawo. Koma kudya? Ayi ndithu. Zaka makumi atatu ali m'dimba, tsamba silinalowepo m'kamwa mwawo. Chawo chinali tchipisi cha m'mapaketi, chija amalemba kuti n'cha tchizi ndi anyezi.

"Si anyezi yemweyo?" ankatero akunyambita zala.

Dokotala atanena kuti shuga wayamba kuwadya maso, ndipo akapitiriza adzachita khungu, akazi awo, mayi Noreen, anasesa mapaketi onse m'nyumba. Bambo analumbira atagwira pamtima. Kuyambira tsikulo chikondi cha dimba chinachita kunyanya: m'mawa kudimba, masana kudimba, ndi mvula yomwe. Kanyumba kosungira makasu kanali katasanduka golosale. Mapaketi otha ankawakwirira m'dzenje la manyowa. Nzerutu zimenezo!

Chisanu chitatha, mayi Noreen anabwera kudzathandiza kumwaza manyowa, poti maso a bambo anali atayamba chifunga. Fosholo yoyamba, mbee! chonyezimira. Yachiwiri, zisanu. Makoko a mbatata anaola, udzu unaola, koma mapaketi anatuluka ngati angochoka pashelefu.

"Mphepotu imeneyo, mayi," anatero bambo. "Zimauluka kuchokera kumsewu."

"Mphepo yodziwa kupinda paketi katatu ngati inu? Taonani, ndi nyongolotsi zomwe zakana!"

Mayi anaseka, koma kusekako kunathera m'misozi. Anali ndi mantha, ndipo sanabise.

"Alwyn, ine sindikufuna kumadzakuuzani kuti amene walowayu ndi mwana wathu."

Mayi analowa m'kanyumba muja n'kutenga anyezi wopambana chaka chatha, amene bambo ankamusungira mbewu ngati dzira. A Hedley anawatsatira mpaka kunyumba, kachipewa kali m'manja, ndipo mpeni anapatsidwa iwo. Anadula okha, mphuno ili fwe-fwe, ndipo palibe anafunsa ngati ndi anyeziyo.

Msuzi utafika patebulo bambo anaununkhiza kwa nthawi, analawa, n'kukwinya nkhope.

"Sakumveka anyezi uyu."

"Idyani."

Anayang'ana nkhope ya akazi awo. Inkaonekabe, ngakhale m'mbalimu munali mutayamba kufufutika. Anatolanso supuni.