Mabotolo Ofiira ndi Chilombo cha pa Mlatho

Kanali kotuwa ngati phulusa, kokwana bwino m'manja awiri, ndipo pakona pake panali pong'aluka pomwe mwiniwake anamatapo selotepi. Pamwamba panali kagalasi, m'munsi mabatani. Kanafika kwathu Loweruka loyamba la holide ya Isitala, cha m'ma folo koloko madzulo, m'chaka chachiwiri cha makuponi a feteleza. Amalume anakatulutsa m'thumba la jekete atakakulunga m'sokosi.

Amalumewo ankasesa m'nyumba zogona ana pa sukulu ina yogonera konko ku Mtunthama. Mnyamata wina wa pasukulupo anawasungitsa kagemuko poopa bambo ake, amene ankati zoterezi zimalepheretsa mayeso. Amalume analibe mwana wamwamuna, choncho anakabweretsa kwa ine. Anandiuza kuti sukulu ikamatsegulidwa adzabwera kudzakatenga, ndipo kakadzapezeka ndi chilema china, ntchito yawo idzathera pomwepo.

Ife tinali matenanti pa esiteti ya fodya, mtunda woyenda pansi kuchokera pa Mtunthama. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe. Makuponi aja tinkangowamva. Ankalandira ndi eni mudzi, ife mayina athu anali kutali. Nyengo imeneyo inali yosankha fodya. Kuyambira m'mawa ine ndi amayi tinkakhala m'chigafa kupatula masamba ouma, abwino paokha, ong'ambika paokha. Fumbi lake linkakanda kukhosi ndipo zala zinkada ndi utomoni. Masana kapitawo akapita kukadya, ndinkasamba m'manja ndi phulusa n'kukakhala kuseri kwa chigafa ndi kagemu kaja.

Gemuyo inali ya ulendo. M'menemo ndinali kamnyamata ka lupanga kochoka pamudzi wake kulowa m'nkhalango. Ndikakumana ndi mdani tinkamenyana mosinthana: ine ndisankhe chochita, iye abwezere. Zolemba zonse zinali m'Chingerezi, ndipo Chingerezi changa cha Sitandade 7 chinkathera panjira. Ndinaphunzira mwa kufa. Ndinafa ndi mileme, ndinafa ndi akangaude, ndinafera m'dzenje limene ndinkaliona ndithu. Pamwamba pa kagalasi panali kamzere ka moyo, ndipo kakatha ndinkabwezedwa pachitsime pomwe ndinapumulira komaliza.

Vuto lina linali mabatire. Amalume ankatola otsala pang'ono kutha m'mabini a ana asukulu. Ndinkawayanika pa chidutswa cha lata padzuwa, ena n'kuwaluma pang'ono kuti adzuke. Mpaka lero ndimakumbukira kuwawa kwa chitsulo chija kumano. Kanyali ka m'mbali kakafiira, ndinkadziwa kuti nthawi yatha.

M'nkhalangomo ndinkatola timabotolo tofiira. Loyamba ndinalimwa mwangozi, podina batani lolakwika, ndipo ndinaona kamzere ka moyo kakudzaza. Kuyambira pamenepo sindinamwenso lina. Ndinkangotola n'kuika m'thumba la kamnyamata kaja.

Palibe anandiuza kutero, koma ndikudziwa kumene ndinazitenga. Phoso likabwera kuchokera kwa bwana, amayi ankayamba atapa mbale imodzi ya chimanga n'kuthira mumtsuko umene sunkatsegulidwa mpaka Febuluwale. Mchere, sopo, machesi, chimodzimodzi. Panyumba pathu chinthu sichinkagwiritsidwa ntchito chifukwa chongoti chilipo. Mawu awo anali akuti, “Lero tapirira, mawa sitikulidziwa.”

Mlungu wachiwiri ndinafika pa mlatho. Pamenepo panali chilombo cha mitu iwiri, chodzaza theka la kagalasi. Mutu umodzi unkaluma, wina unkalavula moto. Chinkandipha ndisanachikande n'komwe. Ndinabwerera m'nkhalango kukamenya tiadani ting'onoting'ono kuti mphamvu zikwere, ndinapeza lupanga labwinoko, ndinabwereranso. Chinandiphabe. Ndinayamba kuchilota, ndipo m'chigafa ndinkasokoneza masamba mpaka amayi ankandigunda ndi chigongono kapitawo asanaone.

Amalume ankabweretsanso magazini amene ana asukulu ataya. Azibambo a pa esiteti ankawang'amba n'kumapichirira chingambwe, koma ine ndinapulumutsa masamba angapo okhala ndi zithunzi za magemu. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndinapita nawo kwa aphunzitsi anga a Chingerezi, amene ankakhala kuseri kwa masitolo. Ndinawapeza pakhonde akupopa njinga.

Anawerenga masambawo akugwedeza mutu. Anati munali nkhani za makina atsopano amene atuluka kunja, olumikiza ku kanema, oti anthu a m'mayiko osiyana amatha kusewera pamodzi. Za chilombo changa munalibe. Anati gemu yangayo kunjako anaiwala kalekale, mwina inapangidwa ine ndisanayambe kuyenda. Zinandipweteka, koma sizinasinthe kanthu. Kwa ine chilombocho chinali cha chaka chomwecho, ndipo chinali chikadali pa mlatho.

Kenaka anati ndisewere aone. Ndinafa pamaso pawo. Anatenga kagemuko, anadina apa ndi apo, natsegula thumba lija. Linali lodzaza mabotolo. Anaseka mpaka anagwira chishalo cha njinga.

“Iwe, mankhwala onsewa ukusungira maliro ako?”

Ndinayankha kuti tsidya la mlatho mwina kuli zilombo zoposa ichi, ndiye ndikamwa onse pano, kumeneko ndikatani?

“Tsidyalo ukaliona bwanji uli wakufa? Imwa, mphwanga. Anakupatsa kuti umwe.”

Ndinathokoza n'kubwerera. Koma sindinamwe. Ndikafika pa chilombo, chala chinkapita pa botolo n'kubwerera chokha. Ndinatsimikiza kuti ndichigonjetsa ndi lupanga lokha. Ndinaphunzira kuti mutu wa moto umayamba wabwerera m'mbuyo usanalavule, ndipo nthawi imeneyo ndi yodziteteza ndi chishango, osati yomenya. Ndinaphunzira kuti mutu woluma ukaphonya umazengereza. Tsiku lina ndinadula mutu umodzi, ndinalumpha mpaka nkhuku zinabalalika, kenaka wotsalawo unandimaliza. Ndikaganiza lero, ndimaona kuti luso langa lonse la gemu ija ndinalipeza chifukwa cha kuuma mutu kumeneku. Sindinena kuti kunali kwanzeru.

Holide inatha ngati madzi a m'chikho. Amalume anatumiza uthenga kuti abwera m'mawa mwa tsiku lotsatira. Ndinali ndi mabatire omaliza, amene anali atapita padzuwa kambirimbiri. Tsikulo tinaweruka dzuwa litapendeka. Ndinakhala pa chitsa pafupi ndi khomo, amayi akusadzula nkhwani pambali panga.

Ndinalowa pa mlatho. Ndinatchinga moto, ndinamenya, ndinatchinganso. Mutu woyamba unagwa. Kamzere ka moyo kanatsala ngati ulusi, ndipo nthawi yomweyo kanyali ka m'mbali kanafiira. Apo ndinazindikira kuti mawa thumbalo lipita ndi amalume, lodzaza kapena lopanda kanthu. Ndinadina. Kamzere kanakwera. Chilombo chinandiluma, ndinamwa lina. Ndinamwa ngati munthu wakuba, mpaka m'thumba munalibe kanthu. Ndipo pa kumenya kwina, kosasiyana ndi kwina konse, chilombo chinagwedezeka n'kusungunuka.

Sindinakuwe. Ndinawolotsa kamnyamata kaja pang'onopang'ono. Ndinkayesa kuti gemu ithera pomwepo, koma tsidyalo kunali tauni ya nyumba zambiri, ndi misewu yopita kutali. Nyumba yoyamba inali sitolo. M'mashelefu ake munali mabotolo ofiira okhaokha, ndipo mwini sitolo anandipatsa ena aulere pondithokoza kuti ndapha chilombo.

Amayi anali atasiya nkhwani akusuzumira paphewa langa. Anafunsa kuti ndafika kuti. Ndinawafotokozera mothamanga kuti aphunzitsi ananena zoona, kuti ndinavutika pachabe, kuti ukamwa onse kutsogolo umapeza ena. Anayang'ananso kagalasiko.

“Amene anapanga zimenezi kwawo n'kwabwino,” anatero. “Amakuikira sitolo tsidya.”

Atatero anabwerera ku nkhwani zawo. Kagalasi kanazima ndili pakati pa tauni ija.

Aphunzitsi sananame. Koma iwo mwezi ukatha ankalandira malipiro, ndipo munthu wotero angathe kuuza mwana kuti imwa. Amayi anali atawoloka milatho yambiri kuchokera ku Phalombe mpaka ku Kasungu, ndipo palibe ndi umodzi womwe anapeza sitolo ikuwadikira. Izi ndazidziwa ndili ndi ana anga. Tsiku lija ndinangoganiza kuti sanamvetse mmene gemu imayendera.

M'mawa mwake ndinatenga kansalu ndi kachitsotso ka machesi, n'kuchotsa utomoni wonse m'mphepete mwa mabatani. Amalume anakatembenuza uku ndi uku, anakabwezera m'sokosi, nakwera njinga. Ine ndinapita m'chigafa, ndinakhala pafupi ndi amayi, ndipo ndinayamba kuwafotokozeranso kuchokera pachiyambi, pang'onopang'ono, kuti ulendo uno amve bwino. Iwo sanandidule mawu. Ankangomvetsera, manja awo akupatula fodya.