Ndinapha Njoka ya Mwana Wanga

Mwana wanga woyamba, wamkazi, anali ndi zaka zitatu pamene ndinamumwetsa piritsi la njoka za m'mimba. Tinkakhala ku Chinsapo m'nyumba ya lendi, ndipo piritsilo ndinalandira kusikelo monga mayi wina aliyense. Zinatuluka zazitali ngati zingwe za nsapato. Chitsiru ine, ndinathamanga kukauza apongozi anga, amene anali atabwera kudzacheza kuchokera ku Dedza.

Iwo anagwira pakamwa. "Mwapha njoka yake? Munthu aliyense amabadwa nayo, ndiyo imamusunga!"

Ndinaseka chamumtima. Koma fumbi la Okutobala litabuka, mwana anayamba kubanika. Chifuwa chinkalira ngati kamwana ka mphaka, m'mikono muli zidzolo zoyabwa. Kuchipatala anati ndi mphumu, nkhani ya njoka palibepo. Apongozi anabweranso, ati adzatenge mwana akachire kumudzi. Ndinakanitsitsa. Mwamuna wanga anali mbali yanga, ngakhale mwamphwayi.

Amene anandigwetsa ndi mlamu wanga, mng'ono wa mwamuna wanga, amene ankaphunzira zaudokotala. Lamulungu lina masana tikudya pakhonde, iye anati, "Komatu amayi sakunama kwenikweni. Ndinawerenga kuti kunja azungu akuyesa kuchiza mphumu ndi matenda a m'matumbo pomwetsa anthu mazira a njoka. Ati zimaziziritsa thupi likamalimbana lokha."

Ankangocheza, uku akuchotsa minga ya nsomba. Anawonjezera kuti zimenezo n'zoyesa chabe, ndiponso kuti njoka zathu kuno zimamaliza ana magazi, koma mawu amenewo anapita ndi mphepo.

"Mwamvatu," anatero apongozi. "Ndikanena ine, ndiye zaumbuli. Nanga dokotalayu?"

Mwamuna wanga anangoweramira m'mbale. Kwathu ku Ntcheu mwana ndi wakuchikazi, koma m'tauni mwana ndi wa amene akukudyetsani, ndipo ine ndinalibe ngakhale kabenchi ka tomato. Lachiwiri mwana wanga anakwera minibasi ali pamsana pa agogo ake. Mlamu uja anali atabwerera kale kusukulu, mtima uli mbee. Mpaka lero timapatsana moni, koma sindinamukhululukire. Mlandu suola.

Chaka ndi theka chinatha, ine n'kumuona mwanayo kawiri kokha. Nthawi zonse mwamuna wanga ankati, "Dikira, akuchira." Tsiku lina ndinangonyamuka ulendo wa ku Dedza osatsanzika aliyense.

Ndinamupeza akusewera kuseri kwa nkhokwe, miyendo itaonda, mimba ili kutsogolo, m'maso muli moyera. Njoka zinali zitabwerera zonse, monga apongozi ankafunira. Chifuwa chinkalirabe chimodzimodzi, ndinachimva ndili pataliko.

Ndinagwada pansi n'kutambasula manja. Iye anandiyang'ana, kenako anathawira kumbuyo kwa apongozi n'kugwira chitenje chawo.

"Amayi," anawafunsa, "alendowa apita liti?"