Chomwe Chinapha a Tokuji

Mayi Kuwabara Shizue anakalambira m'chipinda chapansi pa chipatala cha m'tauni yawo, akung'amba mitembo kuti madokotala anzawo adziwe pomwe anaphonya. Ali mtsikana, sabata sinkatha osaitanidwa. Pomwe ankapuma ntchito, chaka chinkatha chitseko chili chitsekere. Madokotala amakono amati makina ojambula m'thupi amaona zonse. Zonse ziti! Kungoti palibe amene amafuna kuuzidwa kuti analakwitsa.

Ndiye tsiku lina masana amuna awo, a Tokuji, anamwalira m'chipatala chomwecho. Opaleshoni ya ndulu chabe! Dzulo lake ankaseka, akudandaula kuti phala lampunga lilibe mchere.

Galimoto ya kampani ya maliro inali itafika kale kuseri. Mtembo ukangotenthedwa monga mwa mwambo wawo, palibenso angadziwe chinachitika.

"Ndikufuna awang'ambe," anatero a Shizue.

A Fumie, mlongo wa malemuyo, anadzambatuka pampando. "Mlamu, mutu ukuyenda? Achimwene avutika mokwanira. Akafike kwa makolo ali ndi msoko ngati thumba?"

"Ndikufuna ndidziwe chawapha."

"Mukadziwa adzuka?"

"Sadzuka. Koma mawa dokotala yemweyu ali ndi munthu wina patebulo."

Dokotala amene anachita opaleshoniyo, Hayasaka, yemwe a Shizue anamuphunzitsa ntchito kale, anawerama, thukuta lili chuchuchu. "Pepani aphunzitsi, inenso ndikufuna kudziwa. Koma chipumireni inu sanalembe wina ntchito. Dokotala wa kuyunivesite akuti angabwere sabata yamawa."

"Sabata yamawa!" anakuwa a Fumie. "Wansembe wa kukachisi ndamuuza kale, abale akwera sitima. Mukuyesa ndi nsomba yosunga mufiriji?"

Bambo wa kampani ya maliro anasuzumira pakhomo, magolovesi oyera ali m'manja, n'kufunsa mwaulemu ngati angalowe.

"Lowani," anatero a Fumie.

"Dikirani," anatero a Shizue.

Bamboyo anangoima pakhomopo, mwendo wina mkati wina kunja. A Shizue anagwidwa ndi mantha, mantha enieni. Anakhudza dzanja la amuna awo. Linali lisanazizire n'komwe.

"Hayasaka, chipinda chija chikadalipo?"

"Chilipo, koma mwadzaza makatoni."

"Kachotseni. Ndipo inu mukaime pambali panga, mukaone ndi maso anu."

A Fumie anagwira pakamwa. "Inuyo? Amuna anu omwe?"

A Shizue analimbana ndi mphete yaukwati mpaka inavuka, chala chitafiira, n'kuiika m'dzanja la mlamu wawo.

"Mundisungire, mlamu. Sindingagwire mpeni nditavala iyi."