Mtengo Womwe Mayi Ripeka Ankabisa

Mayi Ripeka Tamihana sankakhulupirira munthu wonyamula kamera, ngakhale akhale Awhina, mwana wa mchimwene wawo. Zaka makumi atatu akuphikira ometa nkhosa zinawaphunzitsa kuti womwetulira kwambiri amakhala akufuna mbale yachiwiri.

Anali nacho chobisa. Chaka chimene fuko lawo linamanga misasa pamalo omwe azungu analanda, iwo anachirira mu tenti. Apolisi asanabwere kudzagwetsa misasayo, anakwirira nsengwa yomwe mwana wawo anabadwa nayo pomwepo, mwa mwambo, n'kubzalapo mtengo wa totara. Mwanayo sanakule. Mtengowo ndiwo unakula, mkati mwa famu ya mzungu wina, a Pritchard, ndipo Mayi Ripeka ankangouzonda mozemba. Ankaopa kuti mwini famu akadziwa, nkhwangwa ilira.

Tsono Awhina anajambula kanema wa amayi a pa misasa ija. Asanapite naye ku chionetsero cha mumzinda wa Wellington, anabwera kudzaonetsa abale mu holo ya pa marae, bwalo la misonkhano la fuko lawo.

"Iwe, mtengo wanga mulibe m'menemu?" anafunsa Mayi Ripeka.

"Azakhali, khalani pansi kaye."

"Ndafunsa za mpando ine?"

Anakhala kumbuyo, manja atapinda. Kuponya maso, a Pritchard awo pakhomo, akuvula nsapato. Wawaitana ndani ameneyu? Mtima wa Mayi Ripeka unangoti myu.

Kanema ali pakati, totara uja ndi uyo, tsamba lililonse kuoneka. Anapsa mtima mpaka makutu kulira. Mwana wa m'nyumba momwemo kuwagulitsa chonchi!

Nthawi ya tiyi, mzunguyo anawatsatira kukhitchini.

"Mayi, mtengowo ndakhala ndikuudziwa. Ndinkakuonani mukudutsa pa waya chaka chilichonse."

"Ndiye mukufuna ndikuthokozeni? Pa nthaka ya agogo anga?"

"Ayi. Ndakalamba, famu ndagulitsa. Ogulawo akufuna kudula zonse abzale paini. Ndawauza za mtengowo, angondiseka."

Mayi Ripeka anawayang'ana nthawi yaitali, kufuna kupeza bodza pankhope pawo. Sanalipeze, ndipo mantha anawagwira. Mtengo womwe anthu sakuudziwa, adzauteteza ndani? Anapukuta manja n'kutuluka.

"Awhina! Ku Wellingtonko kudzakhala anthu angati?"

"Mazana, azakhali. Pepani, chigawo chija ndichotsa..."

"Uchotse chiyani? Ulembepo dzina la malowo, zilembo zikuluzikulu. Ulembenso kuti mwana wanga anali Te Aomihi."