Kukwera Khoma ndi Zala

Chaka chimene ndinagwa pa kabaza ku Area 25, phewa langa lakumanja linauma ngati chitsa. Fupa silinathyoke, koma patatha miyezi iwiri ndinkalepherabe kupesa tsitsi ngakhale kuvala malaya. Akazi anga ankandiveka m'mawa uliwonse, n'kumanga mabatani onse mpaka pakhosi, ngati mwana wa sitandade wani.

Kuchipatala ananditumiza kwa a mafizo, aja owongola ziwalo. Ine ndinkayembekezera jakisoni. Ndinapeza mayi wamfupi, wolankhula motsitsa, amene anandigwira mkono n'kumaukweza pang'onopang'ono uku akundifunsa za mvula ya kwathu ku Ekwendeni. Ndili mkati moyankha anaukankhira m'mwamba, ndipo ndinakuwa m'Chitumbuka mawu amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa n'komwe. Iwo anangoti mapapo okha ndi abwinobwino.

Mankhwala amene anandipatsa anali odabwitsa. Anati ndiziima moyang'ana khoma, zala zizikwera ngati kangaude mpaka pamene ululu wandiletsa, ndipo pamenepo ndizilemba kamzere ndi pensulo. Katatu pa tsiku.

Akazi anga anakana kuti ndizilemba makoma a m'nyumba chifukwa anali atangopaka laimu. Ndiye ndinkachitira kuseri, pafupi ndi mpopi umene tinkatungapo mabanja anayi a pa poloti yathu. Ululu ukakula ndinkatsinzina, milomo ikugwedera powerenga masekondi. Azimayi otunga madzi anayamba kundipatsa moni ali chapatali. Sindinkadziwa kuti mbiri yafika kale kumsika, yakuti ndikuikhwimira nyumbayo kuti ikhale yanga.

Lachisanu lina kunabwera eni nyumba, mayi achikulire a ku Dowa amene tonse tinkawaopa. Anaima kumbuyo kwanga nthawi yaitali akuyang'ana timizere tija.

"Abambo, nyumba iyi ndinamanga ndi thukuta langa. Mukulembazi n'chiyani?"

Ndinafotokoza zonse, n'kuwaonetsa kapepala ka kuchipatala kojambulidwa kamunthu kakukwera khoma. Anakayang'anitsitsa, kenako anatula chikwama pansi. Anaulula kuti nawonso phewa likuwasowetsa mtendere, moti mpango amamanga ndi dzanja limodzi. Ndinawalangiza kuti apite kuchipatala akawapime kaye. Anati apita ndithu, koma pakadali pano ndisendere uko.

Kuyambira tsikulo ankabwera m'mawa uliwonse. Tinkaima awiri moyang'ana khoma ngati ana olangidwa kusukulu, aliyense ndi pensulo yake. Mayiwo anali a mpikisano. Kawiri konse ndinawapeza akunyanyamphira kuti mzere wawo upose wanga, ndipo nditawafunsa anati ankangothawa nyerere. Atapitadi kwa a mafizo anabwerako akudandaula kuti kamayi kaja n'kopanda chisoni, koma zimene kanawauza ankachita zonse.

Phewa langa linamasuka patatha miyezi itatu. Lawo linachedwerapo, ngakhale sanavomerepo. Tsiku limene zala zanga zinagunda mtanda wa denga, iwo anayang'ana m'mwamba n'kunena kuti popeza ndafika kale kumeneko, ndiwachotsereko chisa cha mavu chimene chinali pakona. Ndinachigwira ndi kamtengo. Mavu awiri anandiluma kukhutu, ndipo mkono womwe uja unapukusa m'mwamba ngati wa mnyamata. Eni nyumba anaonerera zonsezi ali kuseri kwa chimbudzi, kenako anatumiza mawu kwa akazi anga kuti bambo achira, azivala okha.