Mano a Che Yusufu sanaguluke panjinga

Salaam aleikum nonse.

Lero masana ku Lungwena, mano oikirira a achimwene anga, Che Yusufu, aguluka akudya chimanga chootcha. Amina, mwana wa mlongo wathu, amene anakacheza kumeneko, wawajambula asanabwerere kwawo n'kuponya chithunzi pagulu pano, n'kulemba kuti amalume ake anataya mano atagwa panjinga akuthamangira chibwenzi. Ambiri mwaseka. Ine sindinaseke, chifukwa tsikulo ndinalipo.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Pachipata cha msika ku Mangochi, anyamata oyang'ana makadi anaimitsa mlongo wathu ali ndi pakati, nati agulirenso khadi mwana wa m'mimbayo. Che Yusufu anangofunsa kuti, "Nanga pakhadipo mulembapo dzina lanji?" Anawamenya ndi chibonga pakamwa, mano atatu n'kugwera m'fumbi.

Powaika mano oikirira aja amati buliji, dokotala wa ku Blantyre anachita kusema mano ena awiri abwinobwino kuti oikirirawo akhale ndi pogwira. Chotero anaonongeka asanu. Nkhani ya njingayo Che Yusufu anaipeka okha, pakuti masiku amenewo wonena zoona ankangosowa.

Amina, mwana wa m'mimba uja unali iweyo.

Panopa Che Yusufu adzitsekera m'nyumba, ndipo akukana kupita kuchipatala kukaikitsa ena. Akuti asekedwa mokwanira.

Chithunzicho chichoke lero lomwe. Akuluakulu, ndikupempha maganizo anu: kodi kupepesa kwa pafoni n'kokwanira, kapena Amina akwere galimoto mawa akagwade pamaso pa amalume ake? Kwa ine, akwere.